Chithunzi chobadwira m'manja: mfundo zofunika za kamera ya Polaroid SX-70

Ikakhala yopinda simungaiganizire kuti ndi kamera. Imaoneka ngati kabuku ka nyimbo kokutidwa ndi chikopa chofiirira, m'mbali mwake muli waliwali ngati chitsulo chopukutidwa. Mukagwira kachipewa kapamwamba n'kukokera m'mwamba, chinthucho chimadzuka, galasi limabwera kutsogolo, kathumba kakuda ka labala kamafufuma, basi kamera yaima.

Ndinaigwira koyamba kunyumba kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anabwera nayo pochokera ku maphunziro ku America. Filimu inawathera kalekale, ndiye kamerayo inali duu. Kulira kwa kamota kake anachita kundiyeserera ndi pakamwa, dzanja lawo likusonyeza mmene pepala linkasolomokera kutsogolo ngati lilime. Kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi momwe munali zithunzi zamakona anayi, chilichonse chili ndi mpendero woyera, wotakata chakumunsi. Zimene ndinaona m'chitinimo ndi zimene zinandichititsa kuifunafuna mbiri ya kamerayi, ndipo mfundo zili m'munsizi ndazitola m'mbiri imeneyo.

1. Funso la mwana musamalikankhire kumbali.

Mu 1943 Edwin Land anali patchuthi ku Santa Fe, m'chigawo cha New Mexico ku America. Anajambula mwana wake wamkazi wazaka zitatu, ndipo mwanayo anafunsa chifukwa chimene sakanachionera chithunzicho nthawi yomweyo. Kholo lililonse limadziwa yankho la funso lotere: dikira, zimatero, ukadzakula udzamvetsa. Land sanayankhe choncho. Anapita kokayenda yekha funsolo lili m'mutu, ndipo monga mwini wake ankafotokozera pambuyo pake, pobwerera kunyumba n'kuti chithunzithunzi cha kamera, filimu ndi mankhwala ake chitakhazikika kale m'maganizo mwake.

Bambo ameneyu sanali wojambula zithunzi. Anabadwa mu 1909 ku Bridgeport, analowa yunivesite ya Harvard koma anachoka asanamalize, napita ku New York komwe ankaswera m'laibulale yaikulu ya mzindawo kuwerenga za kuwala. Kampani yake ya Polaroid, yomwe inakhazikitsidwa mu 1937, inkapanga pulasitiki yosefa kuwala, ya m'magalasi a dzuwa ndi zida za asilikali. Tinganene kuti chimene chinamuthandiza n'chakuti anali asanazolowere. Amene anakulira m'ntchito yojambula ankadziwa motsimikiza kuti filimu imatsukidwa mumdima, m'mabeseni, kwa maola. Mwana uja sankadziwa zimenezo, ndipo bambo ake anali ndi mtima wolola kuti kusadziwa kwa mwanayo kutsutse kudziwa kwa akatswiri. Ine ndimaganiza za mafunso amene timawazimitsa m'makalasi ndi m'makomo mwathu ndi mawu akuti "usandisokose". Ambiri mwa iwo ndi aphokoso chabe, n'zoona. Koma sitidzadziwa kuti lanzeru linali liti ngati onse timawayankha mofanana.

2. Ganizo limabwera madzulo amodzi, ntchito imadya zaka, ndipo siigwiridwa ndi munthu mmodzi.

Kuchoka pa funso la ku Santa Fe kufika pa kamera imene ndinaigwira kwa aphunzitsi aja panadutsa zaka pafupifupi 30. Pa 21 February 1947 Land anaonetsa asayansi anzake ku New York chithunzi cha nkhope yake chotsukika m'mphindi imodzi. Mu November 1948 kamera yoyamba, Model 95, inafika m'sitolo ya Jordan Marsh ku Boston pa mtengo wa madola 89.75, ndipo ochepa amene analipo anatha tsiku lomwelo. Inali yolemera makilogalamu pafupifupi awiri, zithunzi zake zofiirira ngati tiyi. Zakuda ndi zoyera zinabwera mu 1950, koma zinayamba kufwifwa m'manja mwa ogula, mpaka kampani inayamba kuika m'paketi kachopakira ka mankhwala onunkha koti munthu azipaka pachithunzi chilichonse. Zamitundu zinadikira mpaka 1963.

Dzina limene limatchuka ndi la Land, koma mutu umodzi susenza denga. Howard Rogers anathera zaka zambiri akufunafuna utoto umene ungathe kudzitsuka wokha n'kuyenda kuchoka pamalo ena kupita pena. Meroë Morse, amene anatsogolera ntchito ya filimu yakuda ndi yoyera, sanaphunzire za mankhwala kusukulu. Anaphunzira mbiri ya zojambulajambula ku Smith College, ndipo Land ankakonda kulemba ntchito atsikana a maphunziro amenewo chifukwa anali ndi diso lodziwa chithunzi chabwino. Eudoxia Muller, wochokera kukoleji yomweyo, anali mmodzi mwa oyamba kuyesa njirayi m'chipinda choyesera. Tikamasimba za anthu otchuka timakonda tsiku la chiganizo chija, chifukwa limakoma kulifotokoza. Masiku a mayi woyesa pepala lachikwi, lomwe nalonso lakanika, sitiwasimba kawirikawiri.

3. Mmisiri wabwino amasenza yekha katundu wolemera kuti wogwiritsa ntchito apepukidwe.

Makamera oyamba a Polaroid anali ndi zochita zambiri. Ukajambula unkakoka pepala, kuyang'ana wotchi, kuwerenga masekondi, kenako kusenda chithunzi kuchichotsa pa negetivu yonyowa ndi mankhwala oyabwa. Negetivuyo inali chinyalala, ndipo anthu ankangoitaya paliponse pamene ajambulira. Land sanakhutire nazo. Ankafuna kamera yolowa m'thumba la jekete, yosasiya chinyalala, yoti munthu ayang'ane, alunjike, adine, basi.

Mu April 1972, pamsonkhano wa eni masheya a kampaniyo, anaitulutsa m'thumba la jekete, naitambasula, najambula zithunzi zisanu m'masekondi khumi. Imeneyo inali SX-70. Inayamba kugulitsidwa ku Miami kumapeto kwa chaka chimenecho, ndipo inafika m'dziko lonse la America mu 1973, pa madola 180, paketi ya zithunzi khumi madola 6.90.

Kuphweka kumene anthu anaona tsiku limenelo kunali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unabisidwa mkati. Chimene diso likuona poyang'ana m'kachipewa kaja chimalowera pagalasi lomwelo limene lijambule chithunzi, choncho zimene waona ndi zimene upeze. Kuti zimenezi zitheke m'chinthu chopindika, kuwala kumachita kunjanja pa akalilole angapo opendekeka mosiyanasiyana, ndipo ukadina batani lofiira kalilole mmodzi amadzuka mwamsanga, kutembenuzira kuwalako pansi pamene filimu yagona. Galasi lake linakonzedwa ndi James Baker, ndipo limatha kuona bwinobwino chinthu chimene chili pa masentimita 26 okha. Thupi lake si chitsulo ngakhale limaoneka choncho: ndi pulasitiki yolimba yokutidwa ndi chitsulo chopyapyala, pamwamba pake chikopa chenicheni. Batire sanaliike m'kamera. Analipanga lafulati ngati envulopu n'kuliika m'paketi ya filimu, kuti aliyense wogula filimu yatsopano azikhala wagulanso mphamvu zatsopano. N'chifukwa chake kamera ya aphunzitsi aja inali chete.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya mdima. Filimu imaopa kuwala. Ikaona dzuwa isanatsukidwe, imapsa. Nanga chithunzi chingatuluke bwanji m'kamera masana dzuwa likuswa mtengo, chisanakhwime, osapsa? Yankho lili mumpendero wotakata wakumunsi uja. Anthu ambiri amayesa kuti anauika kuti tizilembapo mayina, koma m'menemo muli kathumba ka mankhwala. Pamene chithunzi chikutuluka, timagudumu tiwiri tachitsulo timakafinya kathumbako, mankhwala n'kuyenderera mopyapyala pakati pa mapepala. M'mankhwalamo muli utoto wotchinga kuwala, umene umaphimba chithunzi ngati bulangete pa mwana wakhanda. Pansi pa bulangetelo ntchito yotsuka imachitika, ndipo mphamvu ya mankhwala ikamatsika utoto wotchingawo umayera wokha, mitundu n'kuyamba kuonekera. Chipinda chamdima chimene ojambula ankalowamo ndi mabeseni, Land ndi anzake anachichepetsa mpaka chinakwana m'pepala.

Kuti afike pamenepo anamanga mafakitale atsopano ndi kuwononga madola mamiliyoni mazanamazana, ndipo poyamba mabatire ena ankatha mphamvu paketi ikadali m'sitolo. Wogula sankayenera kudziwa zonsezi. Mmisiri wa mipando wodziwa ntchito amatero: amakhetsa thukuta pa mfundo zimene wokhalapo sadzaziona. Mphunzitsi wabwino amatero usiku pokonzekera phunziro. Ndipo ofesi imene imauza nkhalamba kuti ibwere katatu, ndi mafomu anayi, yangotula katundu wake pamutu pa munthu amene inayenera kumupepukitsa.

4. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira wojambula wa panjinga. Ankafika Lamlungu anthu atatchena, kamera ili pakhosi. Unkalipira theka, iye n'kulemba dzina m'kabuku, kenako kudikira kuti filimu idzaze, ipite kutauni kokatsukidwa, ibwere. Milungu itatu, mwina mwezi. Nthawi zina ankabwera ndi mawu amodzi okha: "Chinapsa." Tikayerekeza ndi zimenezo, SX-70 inali mphezi.

Komabe sinali ya pompopompo monga foni. Pepala likatuluka pamakhala mbuu, ndipo pamafunika mphindi zingapo kuti nkhope ikwane, kukazizira zimachedwerapo. Aphunzitsi aja anandiuza kuti mphindi zimenezo ndi zimene amazikumbukira kuposa zithunzi zenizenizo. Anthu ankaunjikana, mitu n'kugundana, wina n'kuyamba kukuwa kuti "Ndine uyo, ndine uyo!" mthunzi wa tsitsi lake utangoyamba kuoneka. Ambiri ankachikupiza chithunzicho poganiza kuti chifulumira. Chizolowezi chimenechi chinachokera ku makamera akale aja, amene zithunzi zake zinkatuluka zonyowa. Cha SX-70 n'chomata mbali zonse, mphepo siifika mkati, ndipo kuchikupiza mwamphamvu kungathe kusokoneza mankhwala asanakhazikike. Chimangofunika kuchigoneka pansi n'kuchisiya. Pali zinthu zambiri za mtundu umenewu: mwana amene akuphunzira kuwerenga, munthu amene wangoferedwa, mbewu imene yangodzalidwa.

5. Mphatso yeniyeni ndi imene ukapereka sutsala nayo.

Chithunzi cha SX-70 chilibe negetivu yoti ukatsukitsenso. Chimene chatuluka ndi chomwecho, chimodzi padziko lonse. Pepala limene lili m'manja mwako linalipo pamalopo, kuwala kochokera pankhope ya munthuyo kunagwera pa ilo lomwelo. Ndiye ukajambula mnzako pamabwera funso limene foni siifunsa: chikhala kwa yani? Ukamupatsa, iwe ulibe. Ukasunga, iye alibe.

M'chitini cha aphunzitsi munali chithunzi cha mayi wina wachikulire ataima pakhomo, atavala chijasi chobiriwira, kumbuyo kwake chipale chofewa chitaunjikana. Mitundu inali itayamba kupita kuchikasu. Pampendero woyera panali dzina la aphunzitsiwo, lolembedwa molakwika pang'ono, ndi mwezi ndi chaka. Anali mayi wa nyumba imene ankagonamo. Anandiuza kuti tsiku lotsanzikana anajambulana zithunzi ziwiri n'kusinthana: iwo anatenga cha mayiyo, mayiyo anatsala ndi chawo. "Changa sindinachionenso," anatero, "koma ndikudziwa kumene chinatsala." Kupatsa n'kuika, amatero akulu. Lero timatumizirana zithunzi mazana pa WhatsApp, ndipo sindinyoza zimenezo, chifukwa agogo a ku Ntcheu amaona mdzukulu wobadwira ku Cape Town tsiku lomwelo. Koma potumiza sitiluza kanthu, n'chifukwa chake wolandira samva kulemera kwake m'manja.

Akatswiri a zithunzi nawo anaimva mphamvu imeneyi, makamaka okalamba. Walker Evans, amene anatchuka pojambula alimi osauka a ku America m'zaka za m'ma 1930, anaigwira SX-70 mu 1973 ali ndi zaka pafupifupi 70, mphamvu zoima m'chipinda chamdima zitamuthera. Kampani inkamupatsa filimu yaulere, ndipo asanamwalire mu 1975 anajambula zithunzi zoposa 2,500: zikwangwani za m'misewu, nyumba zakale, nkhope za anzake. André Kertész, mkazi wake Elizabeth atamwalira mu 1977, anakhala yekha m'nyumba yawo yosanja moyang'anana ndi Washington Square ku New York. Anagula kachiboliboli ka galasi kamene kaimidwe ka khosi lake kankamukumbutsa mkaziyo, n'kumakaika pazenera, n'kumakajambula ndi SX-70 kuwala kukamasintha. Munthu wazaka zoposa 80 anapeza njira yolirira maliro popanda kutuluka m'nyumba ndi popanda kupereka filimu yake m'manja mwa mlendo. Lucas Samaras anatulukira kuti utoto umakhala wofewa kwa kanthawi, ndipo ankaukanda ndi kamtengo nkhope n'kupindika. Andy Warhol ankayenda nayo m'maphwando. David Hockney mu 1982 analumikiza zithunzi zambirimbiri n'kupanga chimodzi chachikulu. Koma kwa ine, Kertész pazenera ndi aphunzitsi ndi chitini chawo ndi amene anaimvetsa kamerayi.

6. Funsa kumene ntchito ya manja ako ikupita.

Mfundo iyi ndi yowawa, ndipo okonda Polaroid ambiri amailumpha. Ife a kuno sitingailumphe.

Liwiro lomwe linkasangalatsa mabanja linkathandizanso maofesi opanga ziphaso. Polaroid inali ndi makina otchedwa ID-2 ojambula munthu ndi kutulutsa chiphaso chake m'mphindi zochepa. Ku South Africa, pansi pa lamulo la 1952, munthu wakuda aliyense wazaka 16 kupita m'tsogolo ankayenera kuyenda ndi kabuku ka pasi, kamene eni dziko ankakatcha dompas, kokhala ndi chithunzi chake, kosonyeza kumene akuloledwa kukhala ndi kugwira ntchito. Kupezeka wopanda kabukuko kunali kumangidwa. Anthu 69 amene anaphedwa ku Sharpeville pa 21 March 1960 ankatsutsa kabuku komweko. Ndipo nkhani ya mapepala ku Joni si yachilendo m'mabanja mwathu: kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, ambiri atapita kudzera ku Wenela, ndipo agogo athu amasimba mmene moyo wa munthu unkapachikidwira pa pepala ndi nambala.

Mu 1970 antchito awiri akuda a Polaroid ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, anaona pantchito pawo chitsanzo cha chiphaso cholembedwa dzina la dipatimenti ya migodi ya South Africa. Mmodzi anali Caroline Hunter, mtsikana wochokera ku New Orleans, katswiri wa mankhwala; wina anali Ken Williams, wojambula zithunzi. Akanatha kudutsa. Ntchito inali yabwino, ndipo Polaroid inkadziwika kuti imalemba ndi kusamala anthu akuda kuposa makampani ambiri a nthawiyo. Iwo anafufuza, napeza kuti katundu wa kampani yawo ankagulitsidwa ku South Africa kudzera ku kampani ya Frank & Hirsch, ndipo wina ankathera pa zithunzi za mapasi. Anayambitsa gulu lotchedwa Polaroid Revolutionary Workers Movement, namata mapepala m'makoma a kampani, nafuna zinthu zitatu: kampani ichoke ku South Africa, idzudzule tsankho poyera, ndipo phindu limene inapeza kumeneko lipite kwa omenyera ufulu.

Kampani inatumiza antchito anayi, awiri akuda ndi awiri oyera, kukaona okha. Mu January 1971 inalengeza njira yapakati: ileka kugulitsa ku boma, koma ipitiriza malonda ena, ikweza malipiro a antchito akuda a Frank & Hirsch ndi kuthandiza maphunziro. Hunter ndi Williams sanavomere, ndipo anakalankhula ku komiti ya United Nations yoona za tsankho. Chaka chomwecho Hunter anachotsedwa ntchito. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, Indres Naidoo, amene anakhalapo m'ndende ya Robben Island ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ku Frank & Hirsch, anatulutsa pepala losonyeza kuti filimu inkapitabe ku boma mobisa. Nyuzipepala ya Boston Globe inalemba nkhaniyo, ndipo mu November 1977 Polaroid inasiyiratu malonda ku South Africa, makampani akuluakulu ambiri a ku America asanaganize n'komwe zotero.

Taonani zaka zake. Nthawi imene akatswiri ankasinkhasinkha za kupendekeka kwa kalilole wa SX-70 ndi mtundu wa chikopa chake ndi nthawi yomweyo imene mtsikana wa m'nyumba yomweyo ankataya ntchito chifukwa chofunsa za mapasi. Sindikhulupirira kuti Land anali munthu woipa mtima. Koma munthu amene anamva funso la mwana wake wazaka zitatu analephera kumva msanga funso la wantchito wake, chifukwa funso lachiwirili linali lodula ndi lochititsa manyazi. Hunter anakhala mphunzitsi m'sukulu za ku Cambridge. Iye sanapange kamera iliyonse, koma ndikamalemba mayina a anthu amene anaipatsa ulemu Polaroid, lake ndimaliika pafupi ndi la Rogers ndi Morse. Wosindikiza mapepala, woyendetsa lole, wolemba mapulogalamu a kompyuta, aliyense ali ndi tsiku limene angaone pakhoma chitsanzo cha kumene ntchito yake ikupita.

7. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale iwe utakhala kuti unalondola kasanu m'mbuyomu.

Land analondola kambirimbiri pamene ena ankati n'zosatheka, moti pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 panalibe womubweza. Mu 1977 anatulutsa Polavision, kanema wotsukika yekha. Nzeru zake zinali zozama, koma kanemayo anali wopanda mawu, wosakwana mphindi zitatu, ndipo ankaonetsedwa pa kabokosi kake kokha. Pamenepo n'kuti matepi a vidiyo a Betamax ndi VHS atafika kale, otha kusunga ola lathunthu ndi mawu omwe. Anthu a m'kampani momwemo anachenjeza, koma sanamvedwe. Mu 1979 kampani inavomereza kuti yataya madola 68 miliyoni pa katundu wosagulika. Mu 1980 Land anatula pansi udindo woyendetsa kampani, ndipo mu 1982 anachokeratu.

Otsala nawo anali ndi kusamva kwawo. Kodak italowa m'malonda a zithunzi za pompopompo mu 1976, Polaroid inaisumira chifukwa chobera nzeru zake. Mlanduwo unatenga zaka 15. Woweruza Rya Zobel anagamula mokomera Polaroid mu 1985, Kodak inasiya malondawo mu January 1986, ndipo mu 1991 inalipira madola 925 miliyoni, miyezi yochepa Land atamwalira. Kunali kupambana koyenera. Koma chaka chimodzi mlanduwo usanayambe, mu 1975, mnyamata wina wa ku Kodak dzina lake Steven Sasson anali atalumikiza kale kamera yosafuna filimu. Polaroid inali ndi akatswiri odziwa za makamera amenewo, ndipo mu 1996 inatulutsa yake yabwino ndithu, koma akuluakulu ake anazolowera phindu la paketi ya filimu ndipo sanafune kulisiya. Mu October 2001 kampani inagwa ndi ngongole. Antchito okalamba, amene ambiri anali ndi masheya a kampaniyo monga gawo la malipiro awo, anatsala manja ali m'khosi.

8. Nzeru zimakhala m'manja mwa anthu, ndipo zikatayika zimavuta kutolera.

Mu February 2008 eni ake atsopano a dzina la Polaroid analengeza kuti filimu yatha, sadzapanganso. Fakitale yomaliza inali ku Enschede, m'dziko la Netherlands. Paphwando lotsekera, mu June chaka chimenecho, Florian Kaps wa ku Austria, amene ankagulitsa filimuyi pa intaneti, anakumana ndi André Bosman, mkulu wa mainjiniya amene anapatsidwa ntchito yophwasula makinawo. Anagwirizana zoti makina asaphwasulidwe. Anachita lendi nyumbayo, naitana antchito akale owerengeka, ambiri a imvi, natcha ntchitoyo The Impossible Project, dzina lovomereza kuti akuyesa chosatheka.

Makina analipo, anthu odziwa kuwayendetsa analipo, koma mankhwala kunalibe. Mafakitale amene ankapanga utoto ndi negetivu anali atatsekedwa, ndipo zina mwa zosakaniza zake palibe ankazipanganso. Anayamba pafupifupi poyambirira. Filimu yawo yoyamba, yopangira SX-70, inatuluka mu March 2010, ndipo inali yofooka: inkafwifwa kukachita chinyezi, ndipo bulangete lamdima lija silinali lokwanira, moti wojambula ankachita kuphimba chithunzi ndi dzanja kapena katoni chikangotuluka. Chimene chinkatheka mosavuta mu 1972 chinawatengera zaka kuti achiyandikirenso. Ogula anapirira nawo, ena mwa iwo achinyamata obadwa nthawi ya mafoni, amene anaona koyamba maonekedwe a Polaroid pa chizindikiro choyamba cha Instagram. Mu 2017 banja limene linali ndi gawo lalikulu m'ntchitoyo linagula dzina la Polaroid, ndipo filimu ya ku Enschede inabwereranso ku dzina lake lakale.

Ndikamva nkhaniyi ndimaganiza za osula mbiya ndi osema ng'oma a kwathu, ndi amayi odziwa mbewu zamakolo zimene sizifumbwa msanga. Makina a ku Enschede akanagulitsidwa ngati zitsulo zakutha pakanapanda anthu awiri kukumana mwezi womwewo, amisiri akale akadali ndi moyo.

Nditabwereranso kwa aphunzitsi aja ndinawauza kuti filimu ya kamera yawo ikupangidwanso. Anaitulutsa, naitambasula, napukuta galasi ndi nsonga ya malaya. Ndinawafotokozera kuti mapepala atsopanowa ndi okhuthalirapo, choncho paketi imalowa zithunzi zisanu ndi zitatu m'malo mwa khumi, ngakhale kowerengera ka kumbuyo kwa kamera kamayambirabe pa 10, ndipo kakafika pa 2 ndiye kuti yatha. Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kuwerenga adzukulu awo pa zala. Anakwana asanu ndi awiri.

"Chotsalacho," anatero, "mudzandijambule ine ndi amayi awo."